Kalasi ya Chingerezi ya pa WhatsApp ija ndaimaliza, nazi zomwe ndaona

Miyezi itatu yakwana ndipo kalasi ya Chingerezi yomwe ndimaphunzira pa foni ija ndaimaliza sabata yathayi, ndiye ndati ndilembe zonse zikadali m'mutu, zabwino ndi zomwe sizinandisangalatse, poti anthu angapo akhala akundifunsa kuti kodi makalasi a pa WhatsApp amenewa amathandizadi kapena ndi kungotaya ndalama. Dzina la aphunzitsiwo sindilemba, ndi mayi mmodzi amene akuchita zonse yekha ndipo pali zina ndidandaule m'munsimu, ndiye si bwino dzina la munthu lizingoyenda.

Ine Chingerezi ndinaphunzira kusukulu ngati wina aliyense. Kuwerenga ndimawerenga bwinobwino, kalata ndimalemba ndikakhala pansi ndi nthawi yokwanira. Vuto linali pakamwa basi. Kuntchito ndimayankha foni ndi kulandira alendo, ndiye munthu akangoyamba kulankhula mothamanga mawu onse ankandithawa, ndinkangotsala ndi "yes" ndi "okay", thukuta lili kamukamu, foni ikadulidwa m'pamene yankho labwino linkabwera m'mutu. Zimenezi zinkandiwawa kwambiri chifukwa ntchito yanga ndimaidziwa, koma pamaso pa mlendo ndinkaoneka ngati sindikudziwa chomwe ndikuchita.

Tsiku loyamba madamu anatipatsa mayeso ang'ono, mafunso olemba komanso voisi noti ya mphindi imodzi yofotokoza zomwe unachita dzulo. Anandiuza kuti ndili pa A2. Ndinali ndisanamvepo za zimenezi, koma anafotokoza kuti pali muyeso wotchedwa CEFR womwe bungwe la Council of Europe linatulutsa mu 2001, uli ndi masitepe 6, A1 ndi A2 a oyamba kumene, B1 ndi B2 a pakati, C1 ndi C2 a akatswiri. Kalasi yathu inali yokutenga pa A2 kukusendeza ku B1. Ndinakonda kuti sanatilonjeze zodabwitsa, anangonena poyera kuti pa miyezi itatu palibe amene adzalankhule ngati wobadwira ku London, koma amene atumize homuweki tsiku lililonse adzasiya kuopa foni.

Kachitidwe kake kanali kotere, Lolemba amatumiza tsamba limodzi la PDF ndi voisi noti yofotokoza phunzirolo, Lachiwiri mpaka Lachinayi aliyense amatumiza voisi noti yake pogwiritsa ntchito zomwe waphunzira, Lachisanu amakonza zolakwika, Loweruka tinkakumana pa Zoom kwa ola limodzi. Tsamba limodzi lokha pa sabata, poyamba ndinaona ngati ndi zochepa, koma mmene sabata inkatha tsamba lija linali litalowa m'magazi.

Chomwe chinandigwira mtima kwenikweni n'choti madamuwa amadziwa pamene mutu wa munthu wolankhula Chichewa umapunthwa. Mabuku ambiri a galamala amalembedwa kuti athandize aliyense, wa ku Brazil, wa ku Japan, wa kulikonse, ndiye sangakuuze chifukwa chomwe iweyo umalakwitsira chinthu chomwechomwecho chaka ndi chaka. Iwo ankayambira pa Chichewa penipeni. Sabata yoyamba inali ya "he" ndi "she", ena mu gulupu anadandaula kuti izi ndi za ana, koma atatiseweretsa mavoisi noti athu aja tinapeza kuti ambirife tinati "my mother, he is a nurse" kapena "my brother, she came late" osazindikira n'komwe. Chifukwa chake n'chapafupi, ife timangoti "iye" kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, "anabwera" ndi "anabwera" basi, ndiye mutu sunazolowere kuyamba wafunsa kuti munthuyu ndi wamwamuna kapena wamkazi usanatulutse mawu. Si umbuli ayi, ndi chizolowezi cha chilankhulo, ndipo atangonena zimenezi manyazi anachoka mu gulupu monse, anthu anayamba kutumiza mavoisi noti momasuka.

Kenako tinalowa pa "a", "an" ndi "the", apa ndiye tinakhalitsa ndipo mpaka lero ndimaphonyabe nthawi zina. Mu Chichewa timawu timeneti mulibe, koma "the" ndi liwu lomwe limapezeka kwambiri kuposa lina lililonse mu Chingerezi, ndiye ukalisiya aliyense amamva kuti pena pake pasowa kanthu. Madamu anatithandiza ndi "uja" ndi "lija". Anati ukanena kuti "ndagula buku" ndiye "a book", womvera sakulidziwa, koma ukati "buku lija ndagula" ndiye "the book" chifukwa nonse mukudziwa buku lomwe mukunena. Sizigwira paliponse koma zinandichotsera chifunga chachikulu. Za "a" ndi "an" ndinkadziwa lamulo la kusukulu loti "an" amabwera patsogolo pa a, e, i, o, u, koma zoona zake n'zoti timatsata kamvekedwe osati chilembo, n'chifukwa chake timati "an hour" poti h uja samveka, koma "a university" poti limayamba ngati "yu". Pomwepo anatiuzanso za mayina osawerengeka, "information", "advice", "furniture", "luggage", "equipment", amenewa salandira s kumapeto, ndipo ine ndinali nditalemba "informations" mu maimelo a kuntchito kwa zaka ndithu popanda wondiuza.

Phunziro lomwe sindidzaiwala ndi la mafunso okana. Mlendo wina kuntchito anandifunsapo kuti "Hasn't the manager come yet?" ine n'kuyankha kuti "Yes", kutanthauza kuti eya, sanabwere. Munthu uja anaimirira n'kulunjika ku ofesi ya abwana, ine n'kumuthamangira kumubweza, tonse osokonezeka. Tsiku limenelo sindinamvetse kuti chalakwika n'chiyani. Mu kalasi ndi mmene ndinadziwira kuti ife tikafunsidwa kuti "simunadye?" timayankha "eya" povomereza zomwe wofunsayo wanena, pomwe Chingerezi chimayang'ana nkhani yeniyeniyo, ngati sunadye ndi "No, I haven't" ngakhale funso libwere mokana bwanji. Madamu anatilangiza kuti tisamayankhe ndi liwu limodzi lokha, tizimalizitsa, "No, he hasn't", "Yes, he has", kuti ngakhale mutu usokonezeke mbali yachiwiriyo ikupulumutse. Langizo limeneli lokha ndalama yanga inabwerera.

Panalinso sabata ya mawu omwe timangowanyamula ku Chichewa n'kuwaika mu Chingerezi mmene alili. "Ndikubwera" uku ukutuluka pakhomo, ife timati "I'm coming", koma womvera amadabwa chifukwa akukuona ukupita, zoyenera ndi "I'll be right back". "Ndibwerekeni cholembera" timati "borrow me a pen", pomwe Chingerezi chili ndi mawu awiri, wopereka ndiye "lend", wolandira ndiye "borrow", ndiye ndi "Could you lend me a pen?" kapena "Can I borrow your pen?". Nanga "kumva"? Liwu limodzi lomweli kwa ife ndi la khutu, la mphuno, la ululu, la kumvetsa, koma uko ndi "hear", "smell", "feel", "understand", ndipo bambo wina mu gulupu anati "I can hear the smell of gas", tonse tinamva bwinobwino chomwe akutanthauza chifukwa m'mitu mwathu chiganizocho chinali cholondola. Ngakhale "pepani" wathuyu, munthu akapunthwa ife timati "sorry" mwachifundo, koma ena amakuyankha kuti si iwe walakwa, poti kwa iwo "sorry" yekhayekha nthawi zambiri ndi kupepesa cholakwa chako, ndiye pamenepo ndi bwino kunena "Are you okay?", ndipo munthu akakuuza za vuto lomwe lamugwera uziti "I'm sorry to hear that".

Za ulemu anaziphunzitsa bwino kwambiri ndipo ndikanakonda akanazipatsa masabata awiri. Ine ndinkavutika mumtima kunena "you" kwa munthu wamkulu, zinkamveka ngati ndikumuti "iwe". Madamu anafotokoza kuti kale Chingerezi chinali ndi "thou" wa munthu mmodzi ndipo "you" anali ngati "inu" wathuyu, wa anthu ambiri komanso waulemu, kenako "thou" anatha ndipo "you" anatsala yekha. Ndiye ulemu wawo suli mu mlowam'malo ngati wathu, uli mu kapangidwe ka chiganizo. "Give me your name" alibe cholakwika pa galamala koma amamveka ngati ukulamula, pomwe "Could I have your name, please?" ndiye "mungandipatseko dzina lanu". Taonani kuti ife tili ndi "-ko" ndi "-ni" zofewetsera pempho, "ndithandizeniko", ndiye tikamasulira mu Chingerezi timangotaya zofewetsazo n'kutsala ndi "help me" wouma, anthu n'kumationa ngati amwano chonsecho mumtima tili ndi ulemu wonse. Kuyambira pamenepo "could you", "would you mind" ndi "may I" ndinazimata pa khoma pafupi ndi foni ya kuntchito.

Ma tensi tinadutsamo mwachangu pena, pena mwapang'onopang'ono. Za s wa "she works", "he goes" aliyense amadziwa lamulo, kungoti pakamwa amagwa, ndiye mankhwala ake ndi kubwereza basi. Aneni osatsata lamulo aja, "go, went, gone", "buy, bought, bought", alipo pafupifupi 200 koma sanatiuze kuti tiloweze onse, ankatipatsa 10 pa sabata omwe amagwira ntchito tsiku ndi tsiku n'kutiuza kuti tipange nawo nkhani ya zomwe tinachita dzulo. Anatiuzanso kuti "went" safanana ndi "go" chifukwa anachokera ku mneni wina wakale, "wend", kanthu kakang'ono koma kanandithandiza kuleka kufunafuna lamulo pomwe palibe lamulo. Pomwe tinakhalitsa ndi pa "I have worked here for three years" ndi "since 2021". Ife timati "ndikugwira ntchito pano kuyambira 2021", ndiye timathamangira "I am working here since 2021" zomwe si zolondola. "For" ndi wa kutalika kwa nthawi, "since" ndi wa pomwe chinthu chinayambira. Komanso "I am having two children", "I am knowing him", aneni ngati "know" ndi "have" wa kukhala ndi chinthu sakonda "-ing", zimangokhala "I have", "I know".

Mafunso nawo, ife liwu lofunsira timaliika kumapeto, "mukupita kuti?", "mwabwera liti?", ndiye Chingerezi chathu chimatuluka "You are going where?". Uko limayamba ndi lofunsiralo ndipo pamabwera "do" kapena "did" yemwe payekha satanthauza kanthu koma akasowa chiganizo chimagwa, "Where did you go?", ndipo "did" akalowa mneni amabwerera mwakale, osati "Where did you went?". Tinachita masewera pa Zoom oti aliyense afunse mnzake mafunso asanu osapuma, apa ndi pomwe ndinamva koyamba funso likutuluka lokha pakamwa panga ndisanalimasulire m'mutu.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndipo amene akufuna kulowa azidziwe. Choyamba ndi kuchuluka kwa anthu. Tinayamba ochepa ndipo mwezi woyamba voisi noti yako inkayankhidwa tsiku lomwelo, madamu ankakutchula dzina, "achemwali, mverani pomwe mwati yesterday I go, bwerezani", unkamva kuti pali munthu amene wakumvetsera iweyo. Mwezi wachiwiri anawonjezera anthu ena mu gulupu lomwelo, ndiye mayankho anayamba kuchedwa, masiku awiri, nthawi zina atatu, ndipo Lachisanu ankangotola zolakwika za onse n'kuzikonza pamodzi. Zinkathandizabe koma si chimodzimodzi, cholakwika chako ukachimva patapita masiku atatu umakhala utachibwereza kale kambirimbiri. Atsopanowo analinso kumbuyo, ndiye pa Zoom tinkabwerera ku zomwe ena tinadutsa kale. Ndinawalembera kumbali kuwauza zimenezi, anayankha mwaulemu n'kuvomera kuti ntchito yawachulukira, koma mpaka kumapeto sizinasinthe kwenikweni.

Chachiwiri ndi gawo la mawu a tsiku ndi tsiku, lomwe ndi theka la zomwe analengeza. Galamala anaiphunzitsa ndi mtima wonse, koma mawu ocheza nawo nthawi zambiri ankangobwera ngati mndandanda, ziganizo 20 pa tsamba, lowezani. Zina mwa izo zinali zakale, mwachitsanzo "How do you do?" yemwe masiku ano simungamumve kawirikawiri kupatula pa malo aulemu kwambiri, anthu amangoti "Nice to meet you". Miyambi ngati "it's raining cats and dogs" inatidyera nthawi chonsecho pa ntchito yanga sindinamvepo mlendo akunena zimenezo. Zomwe ndinkafuna ine ndi timawu tating'ono topulumutsa munthu pa foni, "Sorry, I didn't catch that", "Could you say that again more slowly?", "Hold on a moment", "I'll put you through", "Could you spell that for me?". Zinabwera ndithu koma sabata ya 10, pomwe zikanayenera kukhala sabata yoyamba, chifukwa munthu ukadziwa kupempha kuti abwereze mantha amachepa nthawi yomweyo ndipo china chilichonse chimaphunzirika mosavuta. Aneni a timawu tiwiri kapena titatu aja, "put off", "pick up", "run out of", "look after", omwe ndi amene amadzaza Chingerezi cholankhula, tinangowakhudza pamwamba.

Katchulidwe ka mawu nako kanachepa. Tinachita sabata imodzi yokha ndipo inali yabwino moti ndinadandaula kuti yatha msanga. Chichewa chili ndi mavawelo 5 ndipo mmene walembera ndi mmene umatchulira, pomwe Chingerezi chili ndi zilembo 26 koma kamvekedwe kosiyanasiyana pafupifupi 44, ndiye "ship" ndi "sheep", "live" ndi "leave", "full" ndi "fool" kwa ife zimamveka chimodzimodzi. Za l ndi r nazo, kwa ife kusinthanitsa sikusintha tanthauzo, koma uko "play" ndi "pray", "light" ndi "right", "collect" ndi "correct" ndi mawu osiyana. Madamu anatiuza kuti pa l nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano a m'mwamba, pa r lilime silikhudza paliponse, ndinakhala pa galasi madzulo angapo ndikuyeserera mpaka mwana wanga anayamba kuchita nawo. Anatiphunzitsanso kuti "-ed" ali ndi kamvekedwe katatu, "walked" amatha ngati t, "played" ngati d, "wanted" yekha ndi anzake othera ndi t kapena d ndi amene amawonjezera silabulo. Ine ndinkati "wokedi", "asikedi", chifukwa pakamwa pathu liwu lililonse limafuna kuthera pa vawelo. Zinthu ngati zimenezi sungaziphunzire m'buku, zimafuna khutu la mphunzitsi, ndiye kalasi ya mavoisi noti ndi malo ake enieni, n'chifukwa chake ndikuti sabata imodzi inachepa.

Kanthu kena kakang'ono, sanatiuze msanga kuti akutsata Chingerezi cha ku Britain, ndiye amene ankaonera mavidiyo a ku America pa YouTube ankasokonezeka ndi "lift" ndi "elevator", "flat" ndi "apartment", "colour" ndi "color". Zonse n'zolondola, ungosankha mbali imodzi polemba. Koma pa madeti samalani, 03/04 ku Britain ndi 3 Epulo pomwe ku America ndi 4 Malichi, ndipo munthu wa ku Britain akati "half seven" akutanthauza 7:30. Zimenezi kwa munthu wolemba nthawi za misonkhano ngati ine ndi nkhani yaikulu.

Netiweki ikavuta pa Zoom phunziro la Loweruka linkapita choncho chifukwa sankajambula, izi ndinapempha kangapo. Koma ma PDF ndi mavoisi noti onse amatsala mu foni, ndimabwererako mpaka pano.

Ndiye kodi ndingauze munthu kuti alowe? Ngati muli ngati mmene ndinalili ine, mumawerenga ndi kumva koma pakamwa pamauma, eya lowani, koma funsani kaye kuti mu gulupu mukhala anthu angati ndipo voisi noti yanu iziyankhidwa pakapita nthawi yaitali bwanji, yankho la mafunso awiriwa ndi lomwe likuuzeni ngati kalasiyo ili yabwino. Ngati mukuyamba kumene, simudziwa ngakhale "am, is, are", iyi ikuthamangirani, pezani ya A1. Ngati mukukonzekera mayeso ngati IELTS, a Chingerezi aja omwe amafunika munthu akafuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja, iyi si yake, mulibe kulemba nkhani zazitali. Ndipo ngati mukudziwa kuti muzingowerenga za anzanu osatumiza voisi noti yanu, sungani ndalama zanu, tinali nawo anthu otero mu gulupu ndipo pa Zoom yomaliza ankalankhula chimodzimodzi ngati tsiku loyamba. Ine pa masiku onse a homuweki ndinaphonya anayi okha, ena ndinkajambula usiku ana atagona, kubwereza kasanu kasanu ndisanatumize.

Lachitatu lapitali kuntchito kunaimba bambo wina wolankhula mothamanga kwambiri, dzina lake sindinalimve. Ndinati "Sorry, I didn't catch your name, could you spell it for me?", anatchula chilembo chimodzichimodzi ine ndikulemba, kenako anafunsa za abwana kuti "Isn't she in today?" ndinayankha kuti "No, she isn't, but she'll be back tomorrow morning", anathokoza n'kusiya uthenga, ndinaulemba wonse bwinobwino n'kukausiya pa tebulo la abwana. Kalasi ya B1 akuti iyamba mwezi wamawa, ndawauza madamu kuti ndilowa ngati gulupu likhale laling'ono, ndikudikira yankho lawo.